Mtanda wa Agogo Utatsitsidwa

Lolemba, 7 Julayi

Denga la tchalitchi ayamba kulisasula Lolemba likubwerali. Mapaso afumbwa, mvula ikagwa timachita kutchera mabeseni pakati pa Misa. Ndiye Bambo Mfumu (BM) andiwonjezera ntchito: ndilembe chilichonse chimene chili m'katimo chisanasunthidwe. Chinabwera liti, anapanga ndani, chili bwanji lero. Akuti pamapeto tisindikiza kabuku, ndipo pansi pa chinthu chilichonse padzakhomedwa kachikwangwani.

Ndati, "Bambo, ine ndi wotayipa makalata a ubatizo, za mbiri ndizidziwira kuti?" Iwo akuti, "Zaka 19 muli muofesi muno, ansembe asanu mwawalandira n'kuwaperekeza. Mbiri yake ndi inuyo." Kaya amandiyamikira, kaya amanena imvizi.

Lachiwiri, 8 Julayi

Ndayambira kukhomo, kope m'manja.

Tchalitchi chili ndi zaka 103. Njerwa anaumba akhristu oyamba okhaokha. Kuseri kwa chitseko chachikulu pulasitala anagwa, ndiye pa njerwa zina pakuoneka zala za oumbawo. Zing'onozing'ono, ndikuganiza kuti ndi za azimayi.

Belu lili ndi mng'alu wotalika ngati chikhatho, n'chifukwa chake limalira ngati lili ndi chimfine. Chaka cholembedwa pabelupo chikusonyeza kuti ndi lalikulu kuposa tchalitchi ndi zaka 40. Ndiye kuti linayamba laitanapo anthu ena kwina lisanafike kuno. Kutiko? Palibe akudziwa.

Beseni la ubatizo: mwala umodzi wogoba, amuna anayi sangausunthe. Ine ndinabatizidwira pamenepo, ana anga atatu pomwepo.

Khoma la kumanzere lili ndi mzere wakuda wondifika m'chiuno. Ndi wa madzi osefukira a chaka chimene Achimwene anabadwa. Apenta apakapo kanayi, umatulukabe.

Mazenera a magalasi amitundu alipo asanu ndi limodzi. Pa la Mbusa Wabwino nkhosa ilibe mutu, pamalopo pali galasi wamba. Unali mpira. Amene anaumenya lero ndi katekisiti wathu.

Lachitatu, 9 Julayi

Njira ya Mtanda: zithunzi 14, zojambulidwa pa malata osalala ndi sisitere wina amene ankaphunzitsa kuno kalekale. Lero ndi pamene ndaona kuti msilikali wa pa chithunzi cha 9, wokoka chingwe uja, ali ndi ndevu zofiira ndi mphuno yopindika ndendende ngati wansembe amene anamangitsa tchalitchi. Chithunzi cha wansembeyo chili pamwamba pa desiki yanga, ndiye ndayenda kawiri kukayerekeza. Ndi yemweyo. Kaya anamulakwira chiyani sisitereyo. BM aseka mpaka kukhala pansi, koma akuti m'kabuku zisalowe.

Mtanda waukulu wa pamwamba pa guwa sunandivute. Ndalemba osakweza n'komwe mutu: unasemedwa zaka 78 zapitazo ndi kalipentala wa parishi, agogo anga, bambo awo a Ababa. Mtanda woyamba unali wa pulasitala, unabwera pa sitima ndi ansembe oyamba, unagwa n'kuphwanyika kutachita chivomezi. Agogo anasema wina m'miyezi isanu ndi itatu. Nkhani imeneyi ndafotokozera alendo osawerengeka. Ndikamafika pa mawu oti "agogo anga" ndimayamba ndatsokomola pang'ono kuti amvetsetse.

Achimwene, monga wapampando wa khonsolo ya parishi, aimba kale foni. Akuti kachikwangwani ka mtanda kakhale kachitsulo, osati kathabwa ngati tinato.

Lachinayi, 10 Julayi

Afika mayi okonza zinthu zakale amene awatumiza a ku dayosizi. Aafupi, osalankhula zambiri, magolovesi oyera ngakhale potsegula chitseko. Amayi osesa awapatsa kale dzina: Amagolovesi. Andiletsa kupukuta chifaniziro cha Amayi Maria ndi nsalu yonyowa, akuti madzi amadya utoto. Sindinawauze kuti zaka zonsezi ndimathirako ndi sopo.

Lachisanu, 11 Julayi

Tautsitsa mtanda.

Amuna asanu ndi atatu, zingwe zitatu, makwerero a zitsulo. Amagolovesi, osalankhula aja, lero mawu awo amamveka kumsewu: "Pang'onopang'ono! Osagwira chala!" Fumbi, zitosi za mileme, aliyense kuyetsemula. Tauyala pa mabenchi anayi m'sakristiya, poti ndi mokhamo momwe denga silikhudzidwa.

Zaka 54 ndakhala ndikuuona uli kumwamba. Pafupi ndi zina. Thupi ndi lalitali kuposa Achimwene. Nthiti zimachita kuwerengeka. Pakamwa ndi potsegula pang'ono, mano akuoneka, chinthu chimene uli pansi sungachione. Ndinafuna kugwira, ndinakumbukira kuti ndilibe magolovesi.

Penti ilipo katatu, ina pamwamba pa inzake. Yomalizayo akuti ndi penti ya zitseko. Amagolovesi atazindikira analankhula mawu ena pansipansi amene si a m'sakristiya.

Madzulo ndawauza Ababa kuti ndiwatenge akauone pafupi. Zaka 86, mwayi ngati uwu sudzabweranso (izi sindinanene). Akuti miyendo ikuwawa. Miyendo yomweyo inawafikitsa kumsika dzulo.

Lamulungu, 13 Julayi

Misa panja, pansi pa mitengo. Mphepo inaulutsa pepala la BM, ulaliki unafupika. Palibe anadandaula. Achimwene polengeza atchula agogo katatu.

Lachiwiri, 15 Julayi

Amagolovesi anandiitana m'sakristiya cha m'ma 10. Anali atachotsa thupi pamtanda (misomali ndi yeniyeni, yachitsulo, yaitali ngati foloko) n'kuligoneka chafufumimba pa matiresi. Kumsana kulibe penti, mtengo uli poyera, mabala onse a tchizulo, chida chosemera, akuoneka.

"Agogo anu anali amanzere?"

Ndati sindikudziwa, anamwalira ndili ndi zaka zinayi.

Anandipatsa tochi kuti ndiunike cham'mbali. "Onani mmene mabalawa apendekera. Wamanja akamasema amakankha chonchi. Awa akupita uku. Onse, kuyambira paphewa mpaka kuchidendene." Kenako ananditengera pa matabwa awiri a mtanda weniweniwo. "Awa anapala ndi wamanja. Ntchito yaukhondo, kalipentala wodziwa. Koma apa pali anthu awiri."

Ndati mwina ankasinthasintha manja akatopa. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kubwerera ku ntchito.

Kunyumba ndafunsa Ababa ngati zocheza: agogo hamala ankagwira ndi dzanja liti? "Lamanja. Bwanji?" Ndawauza zonse. Anakweza wailesi.

Lachitatu, 16 Julayi

Ababa asiya theka la chakudya. Ine ndatayipa chikalata chimodzi cha ukwati katatu.

Lachinayi, 17 Julayi

M'kabati yachitsulo ya muofesi muli mabuku akuda 11 amene ansembe akale ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Ine ndimangowapukuta fumbi, poti analembedwa m'chilankhulo cha kwawo. BM anaphunzira kumeneko zaka zinayi, ndiye ndawapempha. Tapeza chaka chake, mwezi wake. Amawerenga akulondola ndi chala, kumasulira mzere umodziumodzi. Za ng'ombe ya parishi imene ikudwala. Za njinga yothyoka. Za mvula yochedwa. Kenako:

"Lero Ambuye Episkopi adalitsa mtanda watsopano. Anthu ambiri analira atauona. Matabwa ndi a kalipentala wathu. Thupi sanaseme iye, koma anthu tawauza kuti ndi iye, ndipo zikhale choncho."

Basi. Tsiku lotsatira ndi za ng'ombe ija. Inafa.

BM anatseka buku pang'onopang'ono. "Mayi, kabukuka sitikuthamangira. Mukafuna kuti ndime imeneyi ndilembe ine, nenani." Ndati ndilemba ndekha. Mawu anatuluka ngati a munthu wina.

Zikundipweteka ndi ziwiri. Choyamba, agogo anadya ulemu wa munthu wina mpaka kulowa nawo m'manda. Chachiwiri ndi chochititsa manyazi kulemba: kakutsokomola kanga kaja pamaso pa alendo.

Loweruka, 19 Julayi

Ndinawaitana Achimwene kunyumba. Tinakhala kukhitchini kuti Ababa asamve.

Poyamba anaseka. Akuti mayi wa magolovesi wabwera sabata yatha, ndiye adziwe za banja lathu kuposa ife? Nditawauza za buku anasiya kuseka.

"Mabuku amenewo amawerenga ndani? Chemwali, zaka 78 anthu akupemphera pansi pa mtanda umenewu, palibe anafunsapo za dzanja. Ukufuna kuwapha Ababa?"

"Ndiye ndilembe bodza pachitsulo?"

"Si bodza. Matabwa ndi awo."

"Anthu sanalirire matabwa."

Anaimirira. Akuti ine kuyambira ndili mwana ndikaona kaulusi ndimasolola mpaka juzi yonse ithe. Tiyi anamusiya wosakhudza. Nditatuluka ndinapeza chitseko cha chipinda cha Ababa chili chotsegula, wailesi yozimitsa.

Lamulungu, 20 Julayi

Pa Misa ndakhala kumbuyo. Ndapezeka ndikuyang'ana manja a anthu, kuti wagwira buku la nyimbo ndi kumanzere ndani. Misala ndithu.

Lolemba, 21 Julayi

Ndikutuluka kubafa ndapeza Ababa avala kale jekete ndi chipewa, akhala pampando wa pafupi ndi khomo. "Tiye ukandionetse."

Tinayenda pang'onopang'ono, kupuma kawiri. M'sakristiya thupi linali atalitembenuza chagada. Anaima nthawi yaitali, kenako anapempha mpando. Amagolovesi anati akukafuna madzi, sanabwerenso.

Ndilemba mmene anenera, ndisanaiwale.

Agogo anayesadi. Wansembe wa nthawiyo anawapatsa chipika, anasema miyezi iwiri. "Chinatuluka chitseko chokhala ndi mutu. Anatero okha." Mabenchi, mazenera, mabokosi, zimenezo ankatha. Munthu ayi.

Anali ndi mnzawo amene anakula naye limodzi, anthu ankangomutcha Amanzere. Ntchito yake inali yosema miyendo yamtengo ya anthu odulidwa miyendo kuchipatala. Koma anali mkulu wa mpingo wa kuseri kwa msika uja, kumene zifaniziro amati ndi mafano ndipo kulowa m'tchalitchi chathu amaletsa. Tsiku lina anadutsira kushedi ya agogo, kuseri kwa tchalitchi, kudzabwereka sowo. Anaona chitseko cha mutucho, anaseka mpaka misozi. Kenako anati, "Bondo silikhala choncho. Bweretsa tchizulo ndikuonetse." Bondo litatha anati ntchafu sikugwirizana nalo. Ntchafu itatha anati chipikachi chaonongeka kale, apezereni china. Miyezi isanu ndi umodzi, madzulo alionse akaweruka, chitseko chotseka. Agogo ankangonola zida ndi kugwirira.

Atamaliza ndi pamene mantha anamugwira. Zikanamveka akanachotsedwa mumpingo, iye ndi banja lonse. Anawagwira agogo mwendo: nena kuti ndi iwe. Agogo anakana kawiri. Kachitatu anavomera, ndipo anapita onse kwa wansembe.

"Agogo ako ankadana nazo anthu akamawayamikira. Sunamve kuti pa Misa ankakhala kuseri kwa chipilala?" Ndinamvapo. Ndinkati ndi kudzichepetsa.

Ababa anauzidwa ali ndi zaka 30, tsiku la maliro a Amanzere. Agogo pobwera kumanda anakhala pakhonde osavula nsapato, ananena zonse, n'kumaliza ndi kuti usauze munthu.

"Ndiye zaka 56 mwangokhala nazo?"

"Anandiuza kuti ndisunge. Sanandiuze kuti mpaka liti."

Ndinafunsa ngati alipo wotsala wa kubanjako. Mmodzi. Mwana wake wamkazi, mayi osoka aja a pamsewu wa kumsika. Omwe aja anandisokera diresi la ukwati.

Lachiwiri, 22 Julayi

Ndagona bwino koyamba sabata yonse. Agogo sanabe.

Achimwene ndawafotokozera zonse pafoni. Kenako: "Ndiye kuti sanabe." Ndati ayi. "Chabwino. Koma pa matabwa dzina lawo likhalepo." Ndati likhalapo. Kupepesa ayi, koma masana anatumiza malalanje.

Vuto latsopano: dzina la Amanzere tilembe kapena ayi? Mwiniwake anakana. BM akuti lonjezo linali loteteza banja, ndiye banjalo ndi limene linganene ngati likufunikabe kutetezedwa. Akuti iwo akapita ndi kolala yawo zikhala ngati mpingo ukukatenga munthu wa eni. Ndiye ndipite ine.

Omanga akuti mbali ya kuguwa amaliza Lachinayi la sabata yamawa. Mtanda ukwera Lachisanu m'mawa, pa 1 Ogasiti.

Lachinayi, 24 Julayi

Ndapita. Ndinatenga siketi yoti andibwezere m'chiuno, kuti ndikhale ndi polowera.

Ali ndi zaka 85, akusokabe pakhonde, makina opalasa ndi phazi omwe aja. Kudula nsalu amawadulira mpongozi wawo. Anandiyeza, ananena kuti ndanenepa kusiyana ndi pa ukwati (zaka 30 zapitazo!), tinaseka. Kenako ndinayamba.

Ndinakonzekera njira yonse, koma zinatuluka mosokonezeka, kuyambira pa tochi, kubwerera ku chivomezi, kulumphira ku buku. Makina amangolira. Nditafika pa bondo anaimitsa ndi dzanja.

"Mwamaliza?"

Ndati eya.

"Abambo anga anakhala mkulu wa mpingo zaka makumi atatu. Ndinaumbapo kachidole ka dothi, anakaponda ndi nsapato ine ndikuona. Lero mwabwera pakhonde panga kudzandiuza kuti ankasema mafano."

Ndinati si fano, mayi, ndi... Ndinalekera pomwepo. Ndikanati chiyani?

"Siketi yanu mudzatenge Lachiwiri."

Makina anayambanso. Mpongozi anandiperekeza mpaka pamsewu.

Lachisanu, 25 Julayi

Ndinkaganiza kuti ndikukapereka ulemu, ndakapereka chipongwe. Ndawachotsera mayi wokalamba bambo amene ankawadziwa, popanda iwo kupempha. Ababa akuti, "Ndi zimene ankaopa mwiniwake." Sananene mondidzudzula, koma zinalowa.

Ababa tsopano akumabwera nane m'mawa uliwonse. Amakhala pampando m'sakristiya, kuonerera Amagolovesi akupala penti ndi kampeni ngati ka dokotala. Awiriwo salankhulana, koma ndaona kuti makapu a tiyi alipo awiri.

Loweruka, 26 Julayi

Ndakhala ndi BM pa mabuku akuda m'mawa wonse, kuti kabuku kapite patsogolo. Zimene sindinkadziwa:

Chaka cha matenda a chifuwa tchalitchi chinasanduka chipatala miyezi itatu, odwala ankagona pa mabenchi awiriawiri olumikiza. Guwa loyamba linali chitseko choika pa migolo. Beseni la ubatizo analikoka ndi ng'ombe masiku awiri. Sisitere wa zithunzi uja anayambanadi ndi womangitsa tchalitchi, nkhani yake ya zenera la kalasi limene iye ankalifuna, winayo ayi.

Za belu palibe chilichonse. Langotulukira pa tsamba lina likulira kale.

Penti yatha yonse. Mtengo ndi woderapo ngati tiyi wopanda mkaka. Amagolovesi akuti sapakanso utoto, angopaka phula. Amayi osesa akuti Ambuye ada. Katekisiti akuti ayi, angosamba.

Lachiwiri, 29 Julayi

Ndakatenga siketi. Pakhonde makina ovindikira ndi nsalu. Amene anatuluka ndi mpongozi.

Polongedza anandinong'oneza: "Sanasoke kuyambira Lachinayi lija. Siketi ndasoka ine. Atsitsa sutikesi ya abambo awo pamwamba pa kabati, akungokhala nayo kuchipinda."

Ndati pepani, sindinkafuna kuwadwalitsa. Akuti sakudwala, akudya. Angokhala chete basi.

Ndamuuza kuti Lachisanu m'mawa mtanda ukwera, ndipo ukakwera ndi mamita asanu ndi limodzi kumwamba, mwina zaka zina 78. Sindikudziwa chifukwa chake ndanena. Anangogwedeza mutu.

Siketi yathina.

Lachitatu, 30 Julayi

Ndalemba ndime ya mtanda: matabwa, dzina la agogo. Thupi, "mmisiri wina wa m'dera lino amene sanafune kutchulidwa." BM akuti ili bwino. Achimwene akuti ili bwino. Ine sikundikoma, koma si bodza.

Lachinayi, 31 Julayi

Cha m'ma 3 masana mmodzi wa amayi osesa anabwera pazenera la ofesi: "Kuli alendo anu kuseri."

Anali mayi osoka aja ndi mpongozi wawo. Diresi la kutchalitchi, mpango woyera, ndodo. Mpongozi ananyamula chinthu chokulunga m'nsalu. Anaima pansi pa masitepe a khomo lakunja la sakristiya.

"Ine sindilowa," anatero ndisanawapatse n'komwe moni.

BM anali atatuluka kale. "Musalowe, mayi. Tibweretsa konko."

Anaitana omanga asanu ndi mmodzi kuchokera padenga. Ndinkayembekezera kuti Amagolovesi akana, poti dzuwa, poti fumbi. Anangoti asambe kaye m'manja. Thupi linali lisanabwezedwe pamtanda, ndiye analinyamula ndi matiresi omwe n'kuliika pakhonde, pamthunzi. Ababa anatuluka pambuyo, akugwira khoma.

Mayiwo kunkhope sanayang'aneko. Anakwera masitepe awiri, anapita molunjika kumapazi. Anauza mpongozi kuti amasule nsalu. Munali mwendo wamtengo, waung'ono, malamba ake atauma gwa. Akuti mwiniwake sanabwere kudzatenga. Anauika pambali pa phazi la Ambuye.

Ine masabata atatu ndakhala ndikulowa m'sakristiya, zikhadabo sindinaziyang'anepo. Chala chilichonse chili ndi chikhadabo chake, chikhadabo chilichonse chili ndi kamwezi m'munsi. Chala chachiwiri chotalika kuposa chachikulu. Pa mwendo waung'onowo chimodzimodzi.

"Miyendo imeneyi inkalowa m'nsapato, palibe ankaona," anatero. "Koma zikhadabo ankasema basi."

Anayendetsa chala chawo pa zala zonse khumi, chimodzichimodzi, opanda magolovesi. Amagolovesi anatsegula pakamwa, anatsekanso.

"Ndi iwowo."

Anakhala pansi pa sitepe. Omanga anangoima, zipewa m'manja, osadziwa ngati abwerere padenga. Kenako anayamba kulankhula, osayang'ana aliyense.

"Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Madzulo alionse abambo ankasowa. Pobwera amayi akawafunsa, chete. Wina anauza amayi kuti amawaona akulowera kuseri kuno. Amayi anati pali mkazi. Anatitenga ine ndi mng'ono wanga, tinakakhala kwa amalume miyezi inayi. Tinabwerera, akuluakulu atakambirana, koma m'nyumba muja simunamvekenso kuseka. Amayi mpaka tsiku lomwalira ankamutchulabe, mkazi wa kuseri kwa tchalitchi."

Anaseka kamodzi, kaphwete kouma.

"Kani mkazi wake anali ameneyu."

Palibe anaseka nawo. Ababa anavula chipewa.

"Pepani, mayi. Abambo anga ankadziwa za mtandawu, ine ndinkadziwa. Za amayi anu sitinadziwe."

"Simunafunse."

"Sitinafunse."

Anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Kenako anasendera cha kukhoma, anakoka diresi kuti pasitepe pakhale malo.

"Khalani pansi, mungagwe."

Ababa anakhala. Mayiwo anakweza ndodo, analozera omanga aja.

"Tsopano mutembenuzeni. Ndione nkhope."

Anagwira matiresi mbali zonse n'kuzungulira nawo pang'onopang'ono mpaka mutu unafika pa mawondo awo. Anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya mpango, anavalanso.